Academy ya PLAB 2 ku Manchester: phindu lilipo, koma ma script awo musawameze

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku WhatsApp za academy, sukulu yolipira yokonzekeretsa mayeso, yomwe ndinalowa pokonzekera PLAB 2, ena mukufuna kudziwa ngati kuli koyenera kulipira kapena mungoyeserera nokha pa Zoom ndi anzanu, ndiye ndati ndingolemba kamodzi ndisamangotumiza voice note yomweyomweyo. Dzina lake sinditchula pano, ma academy amenewa alipo angapo ndipo nditacheza ndi anzanga omwe analowa kwina ndinaona kuti zabwino ndi zoipa zake zimafanana kwambiri. Mukandifunsa ngati ndingalipirenso, eya ndingalipire, koma chifukwa cha zidole zoyesererapo kuyeza wodwala, ma mock (mayeso oyeserera) ndi anthu oyeserera nawo basi. Manotsi awo aja ayi.

Kwa achimwene ndi achemwali amene mukadali pa internship ndipo mwangoyamba kuzimva izi, PLAB ndi mayeso a GMC, bungwe lomwe limalembetsa madokotala ku UK, ndipo ophunzira kunja kwa UK ngati ife a College of Medicine, yomwe pano ili mu KUHeS, ambiri timadutsira pomwepo. Umayamba ndi mayeso a chizungu, IELTS Academic 7.5 yonse pamodzi osatsika 7 pa gawo lililonse, kapena OET giredi B magawo onse anayi. Kenako PLAB 1, mafunso 180 mu maola atatu, ndipo ku Malawi salembetsa, umayenera kukwera ndege kukalembera kunja. Imeneyo ambiri timakhoza ndi question bank ndi bundle ya data, sifunika academy. PLAB 2 ndiye nkhani ina, imachitikira ku Manchester kokha, ma station 16, kutanthauza zipinda zomwe umalowa chimodzichimodzi, iliyonse mphindi 8, ndipo usanalowe amakupatsa mphindi imodzi ndi theka uwerenge pepala la ntchito yako. Mkatimo mumakhala actor yemwe akusewera ngati wodwala, kapena chidole, ndipo amakuona ngati dokotala wa FY2, wa chaka chachiwiri atamaliza sukulu. Amachonga zinthu zitatu, mmene wafunsira ndi kuyeza, mmene wakonzera chithandizo, ndi mmene walankhulirana ndi munthuyo. Kuyambira 2024 mayesowa anawagwirizanitsa ndi MLA, mayeso opezera chilolezo cha udokotala omwe ana a sukulu za udokotala ku UK nawonso amalemba.

Academy yake inayamba ndi ma lecture, kuyambira mmawa mpaka kunja kutada, tsiku ndi tsiku, munthu mmodzi kutsogolo akuthamanga ndi ma slide ngati akuthawa mvula. History, counselling, ethics, breaking bad news, prescription, teaching, zonse amazithira pamodzi moti pofika masana mutu umakhala utatentha. Gawo limeneli mutha kulitsatira pa intaneti muli ku Blantyre kapena ku Mzuzu ndipo simutaya kanthu, ndipotu ndi bwino kutero musanakwere ndege chifukwa tsiku lililonse lomwe uli ku Manchester ukudya mapaundi.

Chomwe chinandipindulira kwenikweni ndi chipinda cha zidole. Ife ma cannula, ma catheter, kusoka, ma LP (kutenga madzi a pamsana), tachita mpaka kutopa, pa Queens kapena KCH intern amagwira zinthu zomwe FY2 wa kuno ku UK mwina sanazionepo, ndiye luso la manja si vuto. Vuto ndi loti pa mayeso umayenera kuchita ukulankhula, kufotokoza, kupempha chilolezo, kutchula chaperone (munthu wina wokhalapo poyeza wodwala), kutaya singano malo ake, zonsezo mu mphindi 8 ndi history yomwe. Chidole cha maso, cha khutu, cha bere, cha prostate, cha speculum, chilichonse chili ndi kagwiridwe kake ndipo ukachigwira koyamba tsiku la mayeso manja amanjenjemera. Ndiye pali SimMan, chidole chija chimapuma, chimalankhula, monitor ikulira pambali mlingo wa oxygen m'magazi ukutsika. ABCDE, ndondomeko yoyezera wodwala mwakayakaya, tonse timaidziwa pakamwa, koma kuichita mokweza, kusankha mask yoyenera pa thirole, kunena malita a oxygen, kubwerera kukaonanso ngati zasintha, zimafuna kubwereza kambirimbiri. Apa academy inagwira ntchito yake ndipo tutor wa SimMan anali dolo, munthu wogwira ntchito ku A&E, chigawo cha ngozi ndi matenda adzidzidzi, yemwe amatha kukuuza kuti ichi mu NHS, zipatala za boma za ku UK, sitichita, ichi umaitana registrar, dokotala wamkulu kwa iwe, pompo.

Prescription nayonso ndinaithokoza. Drug chart ya kuno, BNF, buku la mankhwala la ku UK, pambali, allergy kulemba koyamba, zilembo zikuluzikulu, ma microgram osafupikitsa. Zooneka zazing'ono koma station yonse imathera pomwepo.

Koma chachikulu chomwe ndinaphunzira, ndipo sindinachiphunzire mu lecture koma poyeserera ndi anthu, ndi choti mayesowa sakuyesa kwenikweni ngati umadziwa medicine. Akuyesa ngati ungagwire ntchito mu chipatala cha ku UK osawopsa munthu. Taganizani mmene tinazolowerera ku OPD kwathu, mzere wafika panja, clinical officer sanabwere, ukufunsa mafunso anayi, walemba mu health passport, "mukamwe mankhwalawa mayi, mukapanda kusintha mudzabwerenso", wotsatira. Si nkhanza, ndi kuchuluka kwa anthu. Kuno wodwala umamufunsa kuti iyeyo akuganiza kuti chavuta ndi chani, akuda nkhawa ndi chani, akuyembekezera chani kwa iwe, zija amati ICE, ndipo nthawi zambiri nkhani yeniyeni ya station imabisala pomwepo, munthu wabwera ndi mutu koma mchimwene wake anamwalira ndi chotupa cha mu ubongo ndipo sakuuza pokhapokha utafunsa. Kwathu nkhani yovuta timayamba kuuza guardian, nthawi zina mpaka kudikira amalume abwere kuchokera kumudzi. Kuno mwana wamkulu akakuimitsa kuti musawauze amayi kuti ali ndi khansa, umamumvetsera bwinobwino koma mwini matenda ndi mayiwo, ndipo sungamuuze mwanayo chilichonse mayiwo asanalole. Mtsikana wa zaka 15 akufuna mapilitsi olera makolo asadziwe, pali Fraser guidelines, ndondomeko yoonera ngati ungamupatse. Munthu wakomoka, uyenera kukumbukira za kuyendetsa galimoto ndi DVLA, bungwe lopereka ziphaso zoyendetsera. Mowa umawerenga ma unit, 14 pa sabata. Walakwitsa mankhwala, umapita kukamuuza wodwala ndi kupepesa poyera, duty of candour. Ndipo station iliyonse umatseka ndi safety netting, zizindikiro zoti akaziona aimbe 999 kapena abwerere msanga.

Ngakhale kaganizidwe ka matenda kamafuna kukonza pang'ono. Ife thupi likatentha mutu umathamangira ku MRDT yoyezera malungo ndi LA, chifuwa cha milungu iwiri GeneXpert yoyezera TB, ndipo tili ndi chifukwa. Kuno malungo umawaganizira ukafunsa za ulendo, apo ayi akufuna sepsis, meningitis, PE (magazi kuundana m'mitsempha ya m'mapapo), giant cell arteritis, zinthu zomwe kwathu timaziwerenga kwambiri kuposa kuziona. Chinanso, tinazolowera kuchiza opanda CT, opanda troponin, opanda D-dimer, moti pakamwa sipazolowera kuzitchula. Anzanga a ku Nigeria ndi ku Sudan anali ndi vuto lomweli, a ku India ndi Pakistan lawo linali lina, kuyitanitsa ma test onse a mu buku. Kukhala pa gulu losakanikirana chonchi kunandithandiza kuposa tutor aliyense, ndipo academy ndi pomwe umawapeza anthu amenewa, ena ali ndi tsiku la mayeso loyandikana ndi lako ndiye nonse muli ndi moto umodzi.

Tsopano zoipa zake.

Ma script. Amakupatsa chibuku chonenepa, station iliyonse ili ndi mawu ake oti uloweze, funso ili kenako ili, apa unene "I'm sorry to hear that", apa ufunse "is that okay with you". Ukalowa mu chipinda choyeserera madzulo umangomva anthu makumi angapo akuyankha mofanana ngati ana a katekisimu akukonzekera ubatizo. Wodwala wanena kuti mkazi wake anamwalira mwezi watha, dokotala "sorry to hear that, do you smoke", nkhope ili gwa, maso ali pa wotchi. A GMC amanena okha kuti savomereza kapena kuyang'anira course iliyonse, ndipo amachenjeza za mawu oloweza omwe sakugwirizana ndi zomwe wodwala wanena. Examiner amaona anthu ambirimbiri, script amaizindikira pa chiganizo choyamba. Choopsa china ndi choti station ikasintha pang'ono, zaka za wodwala kapena mankhwala omwe akumwa, woloweza amapitiriza ndi diagnosis ya mu buku osamva zomwe akuuzidwa. Ine chibukucho ndinachigwiritsa ntchito ngati mndandanda wa mitu basi, management ndimakaitsimikiza pa NICE CKS, website ya ndondomeko za chithandizo ku UK, ndi BNF, zoti wodwala ndimufotokozere bwanji mu chizungu chosavuta ndimawerenga pa website ya NHS. Malo angapo manotsi anali akale, osagwirizana ndi guideline ya pano, ndipo ukafunsa amangoti "pa mayeso nenani mmene talembera". Zimenezo sindinagwirizane nazo.

Ma tutor sanali ofanana. Ena ndi madokotala ogwira ntchito mu NHS zaka zambiri, ena angokhoza PLAB 2 miyezi yapitayo ndipo sanayambe ntchito, akungokubwerezera zomwe nawonso analoweza. Awiri atha kukuuza zosemphana pa station imodzi tsiku lomwelo. Samalaninso ndi nkhani ya ma recall, anthu otuluka m'mayeso kubwera kudzafotokoza zomwe akumana nazo. GMC imaletsa zimenezo, ndipo kuika dzina lako pa chiswe usanalembetsedwe nkomwe chifukwa cha station imodzi ndi kupusa.

Kudzaza. Pa zithunzi za malonda chipinda chimaoneka chachikulu, zidole zili ndondondo. Ukafika nthawi yomwe anthu ambiri ali pafupi kulemba, chidole cha maso chimodzi anthu khumi, china chang'ambika, SimMan ndi ya booking ndipo ma slot amatha ngati mafuta pa filling station. Ndimapita mmamawa kwambiri anthu asanadzuke, ndi nthawi yokhayo yomwe umagwira zinthu mwa mtendere.

Ma mock ndiwo anali pakatikati. Ubwino wake amakuzoloweretsa belu, kutuluka station yoipa ndi kulowa ina mutu uli bwino, komanso ena mwa ma actor anali azungu a konkuno olankhula chizungu cha ku Manchester chothamanga chija, chomwe pa telephone station chimatha kukusowetsa mtendere. Kuipa kwake amachonga mouma kwambiri, pafupifupi aliyense amalephera mock yoyamba, ndipo pomwepo amakuuza kuti ma mock owonjezera alipo, olipira padera. Kaya ndi kutilimbitsa kaya ndi bizinesi, aliyense aganize yekha. Ndinaona anthu ogwetsedwa mu mock akukhoza bwinobwino mayeso enieni, ndiye musasinthe tsiku lanu chifukwa cha mock imodzi. Feedback yolembedwa inali ya mizere iwiri, yapakamwa ndiyo inali yothandiza, muzifunsa pompo examiner asanachoke.

Nyumba yomwe amakupezera ndinangokhalamo poyamba kenako ndinasamuka, yodula, anthu ambiri bafa imodzi, heater ya nthawi. Ubwino wake oyeserera nawo ali khomo lotsatira. Mukapeza chipinda panokha onetsetsani kuti chili pa njira ya tram kapena basi, ndipo muziphika, Aldi ndi Lidl ndi anzanu, ufa wa nsima umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa, simufa ndi njala.

Za ndalama ndiye tisanamizane. PLAB 2 yokha inali pafupifupi £1,000 mu 2025, academy mapaundi mazana angapo, tikiti ya ndege, viza ya Standard Visitor yomwe sikuloleza kugwira ntchito, lendi, chakudya, jekete. Ndi salary ya boma komanso mmene kwacha inagwera ndi 44% mu November 2023, kuwonjezera kusowa kwa forex m'mabanki, ambiri timadalira m'bale wa kunja atilipirire ife timubwezere makwacha. Mpata wolemba ndi kanayi, koma ndani mwa ife angakwanitse ulendo umenewu kanayi? Ndi chifukwa chake ndikuti kulipira academy kuti ugwire zidole ndi kuchita mock kuli ndi nzeru, kubwereza mayeso ndi kodula kuposa course. EPIC, yotsimikizira digiri yanu kudzera ku bungwe la ku America la ECFMG, iyambeni msanga chifukwa imadikira sukulu iyankhe, pomwe certificate of good standing ya ku Medical Council of Malawi musathamangire, GMC imailandira ikakhala yosapitirira miyezi itatu.

Chomwe academy sinatiuze, tsiku loyamba anangotionetsa zithunzi za anthu akumwetulira ndi ma badge a NHS, ndi choti kukhoza PLAB si kupeza ntchito. Panopa ntchito imodzi ya junior anthu amaifunsira ambiri zedi, ena akhala miyezi yambirimbiri ali ndi GMC number koma opanda interview, ndipo mu 2025 boma la UK linalengeza kuti likufuna kuika patsogolo ophunzira konkuno pa malo a training. Komanso Malawi ili pa red list, kutanthauza kuti ma agency saloledwa kubwera kudzakusakani, mumafunsira nokha mwachindunji. Ndiye ngati muli ndi post kwanu musasiye ntchito, tengani tchuthi, lembani, bwererani muzifunsira muli pa malipiro.

Pa nyenyezi zisanu ndiipatsa zitatu ndi theka. Musanatumize ndalama afunseni molemba kuti chipinda choyeserera mungachigwiritse ntchito mpaka liti, ma mock angati ali mu mtengo womwewo, SimMan mumaigwira nokha kapena mumangoonerera, ndiponso viza ikachedwa kapena tsiku la mayeso likasintha akusunthirani osalipiranso kapena ayi. Funso lomalizali mnzanga wina sanafunse, viza inatuluka course itayamba kale, ndipo analipira kawiri.