Nkhani za pulofesa ndi wophunzira wake: pa app ya makoyini, pa Wattpad kapena buku lathunthu?

Anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi mwezi uno: nkhani zija za mtsikana wa ku yunivesite amene wagwa m'chikondi ndi pulofesa wake, ndi bwino kuziwerengera pati? Njira zonse zitatu ndinaziyesa, ndipo ndiyamba ndi imene inandipweteka.

App ya makoyini ija, ya pa foni imene mumagula makoyini kuti mutsegule mitu ya nkhani, sindiitchula dzina. Mitu khumi yoyamba ya nkhani imene ndinawerengapo inali yaulere, ndipo inali yokoma ndithu. Mtsikana wa chaka chomaliza akulemba kafukufuku wake, womuyang'anira ndi pulofesa amene kalasi yonse imamuopa. Pa mutu wa 9 pulofesayo akumubwezera pepala lofiiriratu ndi inki, koma pansi penipeni walembapo mawu awiri omuyamikira, ndipo mtsikanayo akuwawerenga kanayi atakhala pa masitepe a laibulale. Pamenepo ndinakopeka. Mutu wa 11 ndinaupeza uli ndi kaloko.

Makoyini amagulitsidwa m'maphukusi, ndipo phukusi lililonse limatha likusiyirani otsala ochepa, osakwanira mutu wotsatira. Amene amakupatsani ngati mphatso amakhala ndi tsiku lothera ntchito. Chimene sindinachione msanga ndi kabatani kotsegula mitu kokha, kamene kanali koyatsa kale. Ukangokankha chala mutu wina watseguka, makoyini apita, osakufunsa n'komwe. Mituyo ndi yaifupi, ya mphindi zitatu basi, ndiye usiku umodzi umatha mitu makumi awiri osadziwa. Nditafika mutu wa 140 ndinakhala pansi n'kuwerengera, ndipo ndalama zimene ndinali nditalipira zikanandigulira mabuku athunthu angapo. Nkhaniyo inali itadutsa mitu 400, wolemba akuwonjezerabe.

Komatu chinandiwawa kwambiri si ndalama. Ndi zimene kalipiridwe kameneka kanaichita nkhaniyo.

Chikondi choletsedwa chimagwira mtima chifukwa pali chinthu choti munthu ataye. Pulofesa ndi amene wagwira malikisi a mtsikanayo, kalata yomuchitira umboni, ngakhale digiri yake imene. N'chifukwa chake yunivesite ya Yale ku America mu 2010 inaletseratu aphunzitsi ake kukhala pachibwenzi ndi ophunzira a digiri yoyamba, ndipo ya Harvard inachitanso chimodzimodzi mu 2015. Ngakhale nkhani yakalekale ya Abelard ndi wophunzira wake Heloise, ku Paris m'zaka za m'ma 1100, anthu amaikumbukirabe chifukwa cha mtengo umene awiriwo analipira: Abelard anamufula anthu otumidwa ndi amalume ake a mtsikanayo, Heloise anakakhala sisitere, ndipo chimene chinawatsalira ndi makalata. Wowerenga amadikira tsiku limene chinsinsi chidzaululike, kuti aone amene adzapirire ndi amene adzathawe.

Pa app ija tsiku limenelo silifika. Nthawi iliyonse imene mkulu wa dipatimenti watsala pang'ono kudziwa, pamabwera china. Mkazi wakale wa pulofesa watulukira. Kenako ngozi ya galimoto. Kenako mtsikana waiwala zonse, ayambirenso kukondana. Ndinawerenga mitu 130 yolipira popanda tsamba ndi limodzi lomwe pamene mtsikanayo anadzifunsa ngati malikisi ake apamwamba anali a mutu wake kapena a chikondi. Funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yotere, koma kuliyankha ndi kuitseka nkhani, ndipo nkhani ikatsekedwa makoyini amasiya kulowa. Wolembayo luso anali nalo, mutu wa 9 uja ndi umboni. Ine ndimaona kuti app ikumudyera masuku pamutu iyeyo pamodzi ndi ife owerenga.

Wattpad, malo a pa intaneti pamene aliyense amaika nkhani zimene walemba, inayamba mu 2006 ku Toronto, ndipo ndimaikondabe. Nkhani zambiri ndi zaulere, malipiro ake ndi kupirira zotsatsa malonda. Chokoma ndi ndemanga za pa ndime iliyonse: pulofesa akatseka chitseko cha ofesi, mumapeza owerenga akukangana pomwepo, ena akusangalala, ena akufunsa chifukwa chake munthu wamkulu sanachisiye chotsegula. Vuto ndi loti palibe mkonzi, ndipo olemba ambiri amatopa panjira. Ina ndinaitsatira mpaka pamene awiriwo anaitanidwa ku komiti yoona za mwambo, wolemba n'kungozimiririka. Ndinakhumudwa, koma palibe amene anandilanda kanthu.

Buku lathunthu, la pa Kindle (chowerengera mabuku a pa intaneti cha Amazon) kapena la pepala, ndi limene ndimauza anzanga kuti agule. Mtengo mumauona kamodzi, masamba mumawadziwa kuchuluka kwake, ndipo pa Kindle gawo loyambirira mumaliwerenga ulere musanalipire. Kindle Unlimited, njira yobwereka mabuku a pa Kindle imene inabwera mu 2014, ndi yolipira pamwezi, sipezeka m'mayiko onse, ndiponso mukasiya kulipira mabukuwo amachoka. La pepala mumabwereka mnzanu, n'kudzakangana naye akamaliza.

Chachikulu n'chakuti wolemba buku lathunthu amakakamizika kufika kumapeto. Limene ndinawerenga nditachoka pa app lija linali ndi malo amene sindiwaiwala. Pulofesa anakapempha yekha kuti amuchotse pa udindo woyang'anira kafukufuku wa mtsikanayo, asanamuuze n'komwe zakukhosi. Mtsikanayo sanathokoze. Anakwiya, chifukwa anthu onse mu dipatimenti anayamba kunong'onezana, ndipo woyang'anira watsopano anamuuza kuti alembenso chaputala chonse chachiwiri. Anachilemba usiku ndi usiku, yekha, napambana ndi malikisi ocheperapo kusiyana ndi amene ankapeza kale. Anawayang'ana pa bolodi n'kumwetulira, poti amenewo anali akeake. Masamba makumi atatu amenewo anandipatsa zimene mitu 140 inandimana.

Si onse athunthu amene ali otero ayi. Ena amathawa nkhondo, pulofesa amasiya ntchito m'mizere iwiri kenako ukwati. Koma ngakhale loterolo mumalipira kamodzi n'kulitseka.

Ngati mtima wanu uli pa app ya makoyini basi, yambani mwaona ngati nkhaniyo yalembedwa kuti yatha, onani kuchuluka kwa mitu, ndipo zimitsani kabatani kotsegula kokha musanagule phukusi loyamba. Ine ndinaifufuta mu foni muli makoyini asanu ndi awiri, ndipo mpaka pano imanditumizirabe imelo yoti pulofesa uja akundidikira pa mutu wa 141.