Mbendera ya panja kuno ku Joni: nsalu iti, saizi iti?

6 Julaye ikamayandikira anthu amayamba kufunsana kuti mbendera ya kwathu tikaipeza kuti, ena akufuna ya pa tchalitchi ku Rosettenville, ena ya pa shopu ku Mayfair, ena yongoika pakhomo basi kuti ana obadwira kuno aziidziwa. Kogula sikuvuta abale anga. Vuto ndi loti ambiri timasankha mbendera ngati tikusankha chitenje, bola mitundu ikuwala talipira, pomwe chinthuchi chikukakhala panja pa dzuwa la ku Joni lomwe silofanana ndi la ku Nsanje kapena ku Salima. Kuno sikutentha kwambiri koma mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye dzuwa lake limadya utoto msanga, ndipo utoto wofiira ndi womwe umayamba kusuluka. Mbendera yathu ili ndi chofiira pakati ponse komanso dzuwa la pa mbenderapo ndi lofiira, ndiye mukagula nsalu yolakwika pakangopita nthawi pang'ono mupeza mwapachika chinthu cha pinki. Onjezanipo chimphepo cha fumbi cha mu Ogasiti, kenako mvula ya masana ya mabingu ndi matalala kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi.

Kotoni ndi satini ndingodutsapo. Kotoni imamwa madzi, imalemera, imachita nkhungu ikapindidwa yonyowa. Satini ija yonyezimira ndi ya mu holo, kumbuyo kwa tebulo la alendo olemekezeka, panja ayi. Zija amagulitsa pa maloboti Bafana ikamasewera nazonso ndi za tsiku limodzi, kukupiza ku sitediyamu nkubwera nazo kunyumba, msoko wake ndi umodzi wokha ndipo ikangokhala pa polo sabata zingapo imayamba kusomoka ulusi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa nayiloni ndi poliyesitala, ndipo poliyesitalayo ilipo mitundu iwiri, apa ndi pomwe ogulitsa ena safotokoza bwino.

Nayiloni ndi yopepuka, imawala bwino, kamphepo pang'ono yayamba kale kuuluka, mvula ikagwa imauma msanga. Kwa munthu wokhala malo obisika, mwachitsanzo pakati pa maflati ku Yeoville kapena Berea komwe mphepo imatchingidwa ndi nyumba zitalizitali, nayiloni imaoneka bwino kuposa zonse chifukwa sichedwa kutambasuka. Koma pa dzuwa ndi yofooka kuposa poliyesitala, ulusi wake umafumbwa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mphepo yamphamvu ikabwera imangong'ambika kumapeto. Ine nayiloni ndingauze munthu agule ngati amakweza mbendera pa masiku apadera okha, 6 Julaye, 3 Malichi tsiku la Martyrs, mwina Flames ikamasewera, kenako nkuisunga.

Poliyesitala yoluka, ogulitsa amati knitted polyester, mukaiyang'anitsa pa kuwala mumaona timabowo ting'onoting'ono, ndiye mphepo ina imadutsa mmenemo osati yonse kumenya nsalu. Ndi yopepuka bwino moti imauluka, siimwa madzi, utoto umagwira mpaka kuseri, ndipo chifukwa cha kalukidwe kake siisomoka ulusi msanga ngati nsalu yoomba. Inayo ndi poliyesitala yoomba yokhuthala ija, woven kapena spun polyester, imagwirika ngati kotoni koma ndi yolimba zedi, nthawi zambiri mizere yake amachita kusoka payokhapayokha osati kudinda. Imeneyi ndi yolimba kuposa zonse ndipo mtengo wakenso ndi wokwera, koma ndi yolemera, tsiku lopanda mphepo imangolendewera pa polo osaoneka nkomwe kuti ndi ya dziko liti, ikanyowa ndiye imakoka chingwe kwambiri. Ngati tchalitchi chanu chili pa bwalo loyera kunja kwa tauni komwe mphepo imawomba tsiku lonse ndipo polo yanu ndi yachitsulo yozikika mu simenti, gulani yoombayo simudandaula. Koma kwa ambiri a ife, pakhomo, pa shopu, pa garaji, yolukayo ndiye yoyenera, ndipo ndikunena izi mosakayika.

Pa saizi ndi pomwe mtima umatinyenga, munthu ukamakonda dziko lako umafuna yaikulu kuti aliyense aone. Masaizi omwe amapezeka kwambiri muno ndi 90 x 60 cm, yomwe amaitcha storm flag chifukwa ndi yokweza nyengo ikaipa, kenako 180 x 120 cm, kenako 270 x 180 cm. Tawerengani nokha: yaing'onoyo ndi nsalu yokwana 0.54 sikweya mita, yapakatiyo 2.16, yaikuluyo 4.86. Kutanthauza kuti ya 180 imagwira mphepo kanayi kuposa ya 90, ndipo ya 270 kasanu ndi kanayi. Mphepo nayo liwiro lake likawirikiza kawiri mphamvu yomwe imakankhira nayo imawirikiza kanayi, nchifukwa chake chimphepo chobwera patsogolo pa mvula chija chimapinda mapolo opyapyala ndi kuzula zomangira za pakhoma. Anthu opanga mapolo amati utali wa mbendera uzikhala pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa polo. Ndiye polo ya mamita 6 ikufuna ya 180 x 120, ya mamita 9 ndi yomwe inganyamule ya 270 x 180, ndipo kapolo ka mamita atatu kapena kokhomera pakhoma pa khonde ndi ka 90 x 60 basi. Onaninso kuti ikatambasuka isamakhudze khoma, nthambi, makamaka waya wa lezala kapena fensi ya magetsi zomwe zili paliponse kunoko, chifukwa palibe nsalu yomwe ingapirire zimenezo ngakhale yodula bwanji.

Mukamaoda pa intaneti mupeza zambiri zolembedwa 90 x 150 cm, imeneyo ndi saizi ya ku America ya 3 x 5 fiti. Mbendera ya Malawi ndi ya South Africa zonse ziwiri muyezo wake ndi 2:3, ndiye pa 90 x 150 amachita kuikoka mbali, dzuwa lathu nthawi zina limatuluka lophwatalala. Chachikulu kuposa apo, yang'anani kuti ndi mbendera iti akukugulitsani. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera, chofiira chinapita pamwamba, chakuda pakati, ndi dzuwa loyera lathunthu pakatikati. Mu Meyi 2012 nthawi ya Joyce Banda nyumba ya malamulo inabwezeretsa ya 1964 ija, chakuda pamwamba chokhala ndi dzuwa lofiira lotuluka la mizere 31, chofiira pakati, chobiriwira pansi. Ogulitsa ena omwe si Amalawi sadziwa kusiyanaku ndipo zithunzi zakale zidakali pa intaneti, ndiye musanalipire muwauze akuonetseni chithunzi cha chomwe adinde.

Nkhani ina yomwe tisabisane, tili ku dziko la eni ndipo tonse tikukumbukira ziwawa zochitira anthu obwera za mu 2008, 2015 ndi 2019. Aliyense akudziwa dera lomwe amakhala, pali malo omwe mbendera ya kwathu panja siingavute ndipo pali ena omwe ndi bwino ikhale mkati. Komwe kuli kotheka ine ndimakonda kuona ziwiri, yathu ndi ya eni dziko, ndipo zikatero zikhale za saizi imodzi, nsalu imodzi, iliyonse pa polo yake, kutalika kofanana, osati ina pamwamba pa inzake pa chingwe chimodzi. Ya South Africa chofiira chimakhala pamwamba, chakuda cha ngodya zitatu chija kumbali ya polo. Okhala mu kompuleksi ayambe afunsa a body corporate (oyang'anira kompuleksiyo) kapena landilodi asanaboole khoma.

Pogula gwirani kumapeto komwe kumakupiza kuja, misoko ikhale yosachepera iwiri, inayi ndiye bwino, ndipo mbali ya ku polo pakhale lamba wolimba woyera wokhala ndi chingwe kapena timphete tamkuwa tosachita dzimbiri. Muzitsitsa madzulo, ndipo mitambo ikayamba kuda kummwera tsitsani nthawi yomweyo isanayambe kung'anima, ziphaliwali zikayamba polo yachitsulo musaiyandikirenso, isiyeni inyowe. Kumapeto kukayamba kusomoka pitani nayo kwa telala adule pang'ono nkupindanso ndi ulusi wa poliyesitala, matelala a kwathu ali mbwee ku Mayfair ndi Fordsburg ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa.