Raynox DCR-150 kapena DCR-250: kagalasi koyenera agulugufe a skipper kuno kum'mawa kwa Zambia

Kampani ya ku Japan ya Raynox imapanga timagalasi tiwiri todziwika bwino tokuzira tinthu ting'onoting'ono pojambula, DCR-150 ndi DCR-250. Ambiri amathamangira DCR-250 poti ndi kamene kamakuza kwambiri, ndipo pojambula diso la ntchentche kapena kangaude amene wangokhala duu pa ukonde wake, sanalakwe. Koma amene mtima wake uli pa agulugufe a skipper, aja a thupi lonenepa, maso aakulu ndi tinyanga tokhota kunsonga, agule DCR-150. Pa ntchito imeneyi n'kagalasi kabwino zedi, bola munthu adziwe malire ake asanatulutse ndalama.

Tonse tiwiri timabwera ndi chopanira chapulasitiki chokhala ndi masipuling'i awiri. Mumafinya m'mbali, n'kulowetsa pakamwa pa lenzi, n'kusiya, basi chagwira. Chopaniracho chimakwana pa lenzi ya pakamwa pa mamilimita 52 mpaka 67, ndipo nambala imeneyi mudzaipeza italembedwa kutsogolo kwa lenzi yanu kapena kuseri kwa chivindikiro chake. Lenzi ya Canon ya 55-250mm ndi ya Nikon ya AF-P 70-300mm DX zonse n'za 58, kamera ya Panasonic FZ300 ndi ya 52, kotero zonsezi n'zotheka. Pa foni sikakwana. Mkati mwa kagalasiko muli magalasi atatu, n'chifukwa chake sikasiya mizere yofiirira ndi yobiriwira m'mphepete mwa mapiko monga amachitira magalasi otchipa aja a galasi limodzi. Komanso sikadya kuwala: shata (liwiro limene kamera imatsegulira ndi kutseka pojambula) imene munali nayo musanakaike ndi yomweyo mukakaika, pomwe machubu oika pakati pa kamera ndi lenzi amadetsa chithunzi.

Nkhani yonse yagona pa mtunda. Mukangoika kagalasi ka mtundu umenewu, lenzi yanu siionanso patali. Imaona bwino pa kadanga kamodzi kokha. DCR-150 ili ndi mphamvu ya madayopita 4.8 (muyezo wa mphamvu ya galasi), ndiye fokasi ikakhala pa infinity, kutanthauza patali penipeni, chinthu chimaoneka bwino chikakhala pa masentimita 21 kuchokera pa kagalasiko. Mukapotoza fokasi kubwera pafupi, mtundawo umatsika kufika cha m'ma 16. DCR-250 ndi ya madayopita 8, ndipo danga lake ndi masentimita 10 mpaka 12 ndi theka. Zumu siisintha mtunda umenewu, imangosintha kukula kwa chinthu pa chithunzi. Kwa skipper kusiyana kwa masentimita 21 ndi 12 n'kwakukulu kwambiri. Pa 21 ambiri amapirira ngati mwafika modekha. Pa 12 chithunzithunzi cha lenzi chimakhala chamugwera kale, kapena chala chanu chagunda udzu umene wateraponso, ndipo skipper sachenjeza: mumangoona duwa likugwedezeka, mwini wake kulibe.

Kukula kwake kuwerengetsa n'kosavuta. Gawani nambala ya mamilimita imene zumu ili, monga 100mm, ndi 208 ngati muli ndi DCR-150, kapena ndi 125 ngati muli ndi DCR-250. Kenako gawani m'lifupi mwa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera, ndi yankho limenelo, mupeza kukula kwa malo olowa pa chithunzi. Pa kamera ya Canon ya sensa ya APS-C, imene m'lifupi mwake ndi mamilimita 22.3, DCR-150 pa 100mm imalowetsa malo okwana mamilimita 46 kuchoka kumanzere kufika kumanja. Pa 150mm ndi mamilimita 31, pa 250mm ndi 19. Tsono yerekezani ndi agulugufewo. Timaskipper ta mtundu wa Spialia, takuda ta madontho oyera, tikatambasula mapiko nthawi zambiri sitidutsa masentimita atatu. A Borbo ndi Pelopidas, ofiirira aja a m'maudzu, ambiri ali pakati pa atatu ndi anayi. Choncho pakati pa 100mm ndi 150mm gulugufe yense amalowa, pamodzi ndi duwa limene wakhalapo. DCR-250 pa 100mm yomweyo imangolowetsa mamilimita 28, ndiye kuti nsonga za mapiko zaduka. Mukabweza zumu kuti alowe yense, ngodya za chithunzi zimayamba kuda, chifukwa kumbuyo kwa kagalasiko n'kopapatiza, mamilimita 43 okha.

Amene ali ndi lenzi ya 18-55mm yokha asavutike kugula. Pa 55mm kagalasika kamawonjezera pang'ono chabe pa zimene lenziyo imachita payokha, ndipo pa 18mm chithunzi chimatuluka chozungulira chakuda m'mbali monse. Ndalamazo zipite kaye ku lenzi yofika 200mm kapena kuposa.

Vuto limene limagwetsa ulesi ogula atsopano ndi kuchepa kwa malo ooneka bwino. Pa 100mm ndi f/11 (kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi), gawo lakuthwa ndi mamilimita awiri okha kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Pa 250mm silikwana ngakhale theka la milimita. Mukapuma mwamphamvu, fokasi yachoka pa diso yapita pa mwendo. Apa kagalasi sikalakwa, ndi mmene magalasi onse okuza amachitira, koma skipper amalikulitsa vutoli ndi kakhalidwe kake. A m'maudzu akamaothera dzuwa amagoneka mapiko akumbuyo, akutsogolo n'kuwaimika mopendekera, kotero palibe mbali imene mungaime kuti mapiko anayi onse atuluke akuthwa. Musalimbane nazo. Sankhani diso, zina zitsatire. Akatseka mapiko, khalani chammbali kwenikweni kuti phiko lonse liyang'anizane ndi lenzi. Akawatambasula ngati Spialia, jambulani kuchokera pamwamba, kamera itayang'ana pansi molunjika.

Kachitidwe kamene kamapindula ndi aka. Jambulani kaye popanda kagalasi muli patali. Lenzi ya 55-250mm STM imafika masentimita 85 payokha, ndipo chithunzi chimenecho n'chokwanira kudziwira mtundu wake ngakhale atathawa. Kenako panirani kagalasi, ikani zumu pa 100mm, fokasi pa manual cha ku infinity, f/11, shata 1/500 kapena kuposa, ISO (mmene sensa imamvera kuwala) idzisankhire yokha koma isadutse 1600. Gwadani musanafike, osati mutafika. Sendezani thupi lonse pang'onopang'ono mpaka diso la gulugufe lioneke bwino, ndipo dinani zithunzi zinayi kapena zisanu motsatizana, thupi likupita kutsogolo pang'ono. Chimodzi mwa izo chimakhala chakuthwa. Autofocus imagwira ntchito mukakhala kale mkati mwa danga lija, koma kunja kwake imangosakasaka uku ndi uku, nthawi n'kumatha. Dzuwa likhale kumbali kwanu, osati kumsana, kuti mthunzi wanu usafike pa duwa inu musanafike.

Pa agulugufe a mawanga oyera tsitsani kuwala ndi magawo awiri mwa atatu a sitopu (muyezo wa kuwala pa kamera). Mukapanda kutero, madontho a Spialia ndi lamba woyera wa kunsi kwa phiko la skipper wamkulu wotchedwa Coeliades forestan amatuluka mbee popanda mamba ooneka, ndipo zimenezo sizikonzeka pa kompyuta.

Fulashi ili ndi msampha wake. Ikakhala pa TTL, pamene imadzisankhira yokha mphamvu, imayamba yaphethira kamodzi poyeza kuwala, chithunzi chisanajambulidwe, ndipo skipper amadzidzimuka msanga moti mumapeza mwajambula mapiko osaoneka bwino kapena tsamba lokha. Iikeni pa manual, mphamvu 1/16 kapena 1/8, shata pa 1/200. Dulani chidutswa cha pulasitiki yoyera ya chigubu, chachikulu ngati chikhatho, boolani pakati kuti chilowe pa lenzi n'kuima patsogolo pa fulashi. Chimafewetsa kuwala ndipo chimachotsa mthunzi umene lenzi yaitali imaponya m'munsi mwa chithunzi.

Chimene chimapangitsa DCR-150 kukhala yaphindu ndi chizolowezi cha skipper wamphongo. Amasankha tsamba limodzi kapena nsonga ya udzu, n'kumathamangitsa chilichonse chodutsa, kenako n'kubwerera pomwepo kapena pafupi. Ndiye akauluka musamutsatire. Khalani pomwepo, lenzi italoza tsamba lija pa masentimita 21, zigongono zili pa maondo, dikirani. Nthawi zambiri mphindi siitha asanabwere. Enanso amakonda zitosi za mbalame zimene zagwera pa tsamba. Amazinyowetsa ndi madzi a m'thupi mwawo n'kumayamwa, ndipo akatanganidwa choncho amalola kuyandikiridwa kuposa nthawi ina iliyonse. Mukaona chitosi chatsopano pa tsamba la m'mphepete mwa njira, ndi malo oyenera kudikirirapo.

Si mitundu yonse imene kagalasika kamaikwanitsa mofanana. Spialia amatera pansi penipeni, pa dothi la m'tinjira ndi pa timaluwa tofupika, ndiye konzekani kugona chafufumimba. Thumba lopanda kanthu la feteleza limateteza zovala ndi zigongono. Coeliades forestan ndi wamkulu, mapiko ake amapitirira masentimita anayi ndi theka, ndipo sakhalitsa pa duwa limodzi. Kwa iyeyu lenzi payokha imachita bwino kuposa kuika kagalasi, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo pamene amakonda kuuluka. Tagiades flesus, amene mbozi zake zimadya masamba a zilazi ndi mipama, amakonda mthunzi wa m'mbali mwa mitsinje. Akamauluka amaphethira choyera cha kunsi kwa mapiko, kenako amazimiririka, poti amakatera kunsi kwa tsamba atatambasula mapiko. Ameneyu ndiye wokoma kujambula ndi DCR-150, chifukwa thupi lonse limakhala lathyathyathya ndipo mamilimita awiri aja amakwanira. Chofunika ndi fulashi ndi kamera ya sikirini yopindika, kuti musathyoke khosi.

DCR-250 ili ndi pake. Mbozi za skipper zimapinda tsamba n'kulisoka ndi ulusi wake kuti zibisalemo: Pelopidas pa masamba a udzu ndi mpunga, Zophopetes pa masamba a kanjedza. Mbozi ndi mazira sizithawa, ndipo pamenepo kagalasi kamphamvuko kamaonetsa mutu wa mbozi ndi mizere ya pa dzira mokongola. Mukatsegula kanyumbako kuti mujambule, kabwezereni mmene kanaliri; mbozi yosiyidwa poyera mbalame ndi mavu sizichedwa kuipeza.

Kuno ku Chipata nyengo yabwino imayamba mvula ikakhazikika mu Disembala, ndipo imakoma kwambiri kuyambira Malichi mpaka Meyi, udzu utakula, chisoso, deliya ndi lantana zili maluwa. M'mphepete mwa madimba a ku Lutembwe, m'tinjira tokwera phiri la Kanjala, ndi m'madambo a ku Katete ndi Chadiza simusowa a m'maudzu. Fikani cha m'ma 7 koloko mpaka 9, akamaothera dzuwa thupi lisanatenthe. Pofika masana amakhala atapenga ndi liwiro. Mu Juni ndi Julayi amachedwa kudzuka, ndiye 9 koloko ndi nthawi yabwino yoyambira. Tchire likapsa amatsalira m'madimba ndi m'makwawa mokha. Dimba lili ndi mwini wake, pemphani musanalowe, ndipo m'dambo valani majombo, poti munthu amene diso lili pa kamera saona pamene akuponda. Opita ku Mfuwe adziwe kuti m'chigwa mumatentha msanga, agulugufe amachangamuka m'mawa kwambiri, komanso mkati mwa paki ya nyama ya South Luangwa simutsika m'galimoto mwachisawawa. Kagalasi koona pa masentimita 21 kalibe ntchito muli pa mpando wa galimoto. Kagwiritseni ntchito pa maluwa a pamalo ogona alendo.

Chofooka chenicheni pa katunduyu ndi chopanira. N'chopepuka ndipo chimafulumira kuika ndi kuchotsa, zimene zimathandiza gulugufe wamkulu akatulukira mwadzidzidzi, koma chimangogwira ndi timano tiwiri. Mukakola nthambi kagalasi kamatha kugwa, ndipo m'udzu wa mu Epulo kukapeza n'kovuta. Musamayende nako kali pa lenzi; kaikeni m'thumba la malaya lotseka. Amene akufuna kukhazikika agule ring'i yachitsulo yotsitsa kuchoka pa 58 kufika pa 43, kagalasi n'kukapotozera pa lenzi mwachindunji. Ring'iyo imakhazikanso kagalasi pakati penipeni, pomwe chopanira chikapendekera pang'ono mbali imodzi ya chithunzi imafewa. Hudu ya lenzi, chotchingira dzuwa chija, siikwana chopanira chikakhalapo, kotero dzuwa likawomba pa galasi chithunzi chimatuwa. Tchingani ndi dzanja kapena chipewa. Mu Seputembala ndi Okutobala uzirani fumbi ndi kampira kopopera musanapukute, ndipo m'dzinja sungani kagalasi ndi lenzi m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel, kuopa nkhungu.

Pa gulugufe aliyense yesetsani kupeza zithunzi ziwiri, cha pamwamba pa mapiko ndi cha kunsi kwa phiko lakumbuyo. A Borbo ndi Pelopidas amafanana kwambiri, ndipo chowasiyanitsa nthawi zambiri ndi timadontho toyera ta kunsiko, kuchuluka kwake ndi pamene takhala. Kwa Spialia ndi mmene mzere woyera wa kunsi wadutsira. Mukatumiza pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pamene anthu amathandizana kudziwa mayina a zamoyo, chithunzi cha pamwamba chokha, odziwa amangokuuzani dzina la gulu. Mukaphatikiza cha kunsi, tsiku ndi malo enieni, mpata wopeza dzina la mtundu umakula, ndipo pa 150mm DCR-150 imaonetsa timadonthoto moti mungatiwerenge.