Kanyumba ka vidiyo ku Chinamwali ndi mafilimu a mazombi

Loweruka madzulo ndinalowa m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika wa Chinamwali. Mabenchi ndi ouma, mkati mumatentha ngati mu uvuni, koma mawu amamveka bwino, ndipo magetsi atazima achimwene apakhomo anayatsa jenereta msangamsanga.

Zombi ikaonekera, womasulira filimu m'Chichewa ankangoti "ndondocha", ife n'kumaseka. Sanalakwitse kwenikweni. Nkhani ya zombi inachokera ku Haiti, komwe ankati wakufa amadzutsidwa kuti azigwirira ntchito bwana kumunda, monga agogo ankatiuzira za ndondocha za anthu achuma. Kungoti za m'filimuzi zilibe mwini, zimangoluma.

Ndinayang'ana amene tinali m'menemo: anyamata a kabaza, mavenda, ine wa digiri yongosunga m'sutikesi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tikanamenya ndani? Mtengo wa shuga sungaugwire pakhosi. Koma zombi imaoneka ndi maso, ukaiphwanya mutu basi yatha. M'filimumo ndalama ndi maudindo zilibe ntchito, wodziwa chikwanje ndiye mfumu. Wakabaza wina anachita kuimirira: "Imeneyo ndikanathana nayo ndekha!"

Chondinyansa n'choti amalowetsa ndi ana aang'ono omwe. Ndidzapitakonso, koma nditanyamula katsamiro.