Ampu ya mavalavu ikung'ung'uza: makapasita atsopano kapena kukonza mbali ya heater?

Ampu yakale ikangoyamba kulira "mmmm", ambiri amathamangira kugula makapasita. Ena amakhoza, ena ndalama zimapita phokoso lili pompo. Musanagule kanthu, tcherani khutu. Magetsi athu ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), ngati a ku Britain, ndiye phokosoli limakhala la 50 Hz kapena la 100 Hz. Phokoso la 100 Hz limayandikira G wa pa fret yachitatu ya chingwe chonenepa cha gitala. La 50 Hz ndi lakuya, G yemweyo koma wa pa bass.

Likakhala la 100 Hz, mlandu ndi wa makapasita osefa magetsi akatuluka mu rectifier, chipangizo chosandutsa magetsi a AC kukhala a DC. Akakalamba amauma, ndiye pamenepo palibe njira yachidule, asintheni. Musakokomeze kukula kwake poganiza kuti ampu ikhala chete kwambiri: mwachitsanzo, valavu ya rectifier ya GZ34 imalola kapasita yoyamba yosaposa 60 µF. Chonde kumbukirani kuti makapasitawa amatha kusunga ma volt oposa 400 pulagi mutazula kale. Ayeseni ndi mita musanalowetse dzanja.

La 50 Hz silimva makapasita. Nthawi zambiri limachokera ku mawaya a heater (kawaya kotenthetsa valavu mkati), omwe amanyamula 6.3 V ya AC pafupi ndi valavu yoyamba. Yambani mwasintha valavu yoyambayo, 12AX7 (ena amati ECC83), ndi ina yomwe mukuidziwa kuti ndi yabwino. Likapitirira, njira zilipo zitatu.

Yotchipa ndi kuwotcherera ma resistor awiri a 100 ohm, imodzi pa waya uliwonse wa heater kupita ku chassis, thupi lachitsulo la ampu. Imathandiza kwambiri ma ampu ngati Fender Champ ya m'ma 1950, yomwe mbali imodzi ya heater inkangolumikizidwa ku chassis, bola muyambe mwachotsa mbaliyo pa chassis n'kuika mawaya awiri opotana. Koma ine ndimakonda yachiwiri, pot ya humdinger (resistor yozungulitsa yoikidwa m'malo mwa ma resistor awiriwo), chifukwa mavalavu safanana. Mumayatsa ampu, n'kumazungulitsa pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva khutu lili pa sipika, mpaka phokoso litatsika zedi. Mukapitirirako pang'ono limabwereranso. Mukasintha valavu, mumangoizungulitsanso. Ngati thiransifoma ili kale ndi centre tap (waya wochokera pakati pa koilo ya heater) yopita ku chassis, ichotseni kaye musanaike chilichonse mwa ziwirizi.

Yachitatu ndi heater ya DC. Imatontholetsa ndithu, koma imafuna rectifier ndi kapasita yakeyake, ndipo imalemetsa thiransifoma yokalamba kale. Pa ampu ya gitala wamba sindiona chifukwa chake.

Nanga phokoso lobwera pokhapokha mwalumikiza ampu ku mixer? Limenelo ndi ground loop, kutanthauza kuti ampu ndi mixer zalumikizana ku earth kudzera m'njira ziwiri. Ena amachotsa waya wa earth pa pulagi, ndipo limasiyadi, koma tsiku lomwe waya wa magetsi udzakhudze chassis, magetsiwo adzadutsa mwa woimba amene wagwira zingwe za gitala. Gulani DI box (kabokosi koikidwa pakati pa ampu ndi mixer) yokhala ndi thiransifoma, mudule loop pa waya wa mawu, earth ikhale momwe iliri.