Amlodipine: zimene ndaona pa chaka chimodzi ndikumwa

Papita chaka chiyambire kumwa amlodipine m'mawa uliwonse, ndipo ndi mankhwala amene ndingawayamikire, ngakhale kuti ali ndi chilema chimodzi chimene chinandidetsa nkhawa. Adokotala anandilembera piritsi la 5 mg BP yanga itakhazikika pa 160/100, pamene munthu amayamba kutchedwa wodwala matenda othamanga magazi akafika pa 140/90.

Ntchito ya mankhwalawa imachitikira m'makoma a mitsempha yotenga magazi kuchokera kumtima. M'makomamo muli timinofu timene timafinya mtsempha mchere wa m'thupi wotchedwa kashiamu ukalowa m'maselo ake, ndipo amlodipine amatseka tinjira tolowera kashiamuyo, motero timinofuto timamasuka, njira ya magazi imakula, mtima n'kumapopa mosavutikira. Sachotsa mafuta omatirira m'mitsempha monga momwe ena amaganizira, koma amachepetsa mphamvu imene magazi amakankhira makomawo, imene ikapitirira kwa zaka zambiri imaumitsa mitsempha, kuwononga impso ndi kudzetsa sitiroko.

Sagwira mwaphuma. Manambala a pa makina anga oyezera pamkono anayamba kutsika patatha pafupifupi sabata. Komanso amakhalitsa m'thupi, poti pamatenga maola 30 mpaka 50 kuti theka lake lichoke m'magazi, n'chifukwa chake piritsi limodzi limakwanira tsiku lonse.

Vuto linadza adokotala atakweza mlingo kufika pa 10 mg. Madzulo ndikavula sokosi, pa akakolo pankatsala mzere wakuya, ndipo ndikadinapo ndi chala, kadzenje kake kankachedwa kubwerera. Ndinaopa kuti mtima wayamba kufooka, koma atandipima anandifotokozera kuti kutupako kumachokera pa ntchito yomweyo ya mankhwala: timitsempha tobweretsa magazi kumiyendo timatseguka kwambiri kuposa tobwezera magazi kumtima, choncho madzi amatulukira m'minofu. Ndimadandaula kuti zimenezi sanandiuze pa tsiku loyamba, chifukwa ndinatsala pang'ono kusiya kumwa osafunsa aliyense.

Anandibwezera pa 5 mg n'kuwonjezera enalapril, amene amaletsa thupi kupanga timadzi tofinya mitsempha ndipo amamasulanso mitsempha yobwezera magazi. Anthu ena enalapril amawayambitsa chifuwa chouma, koma ine chinandiphonya. Kutupa kunaphwa patangotha milungu ingapo, ndipo m'mawa uno makina aonetsa 132/84.