Ndemanga yanga pa chipatala cholipira chimene ndinapitako ndi mutu waching'alang'ala

Ndikulembera anthu a mu Mzuzu muno amene amavutika ndi mutu waching'alang'ala ndipo akulingalira zopita ku chipatala cholipira chija chimene ambiri amachitama kuti munthu sachedwa pamzere. Sindichitchula dzina, chifukwa amene anandilakwira ndi ena mwa ogwira ntchito, osati onse, koma ndifotokoza zonse mmene zinayendera. Mtengo woonana ndi dokotala mukuudziwa kale, ndipo mukudziwanso kuti anaukweza. Munthu amene watulutsa ndalama imeneyo m'nyengo yovuta ino ayenera kulandiridwa mwaulemu, ndipo ine ulemu umenewo sindinauone pakhomo.

Mutu wanga unayamba ndili kusekondale. Umagwira mbali imodzi, makamaka kuseri kwa diso lamanzere, ndipo umagunda ngati wina akusinja mumtondo. Umabwera ndi nseru, ndipo kuwala ndi phokoso zimasanduka adani. Usanayambe ndimaona timizere tonyezimira tokhotakhota m'mbali mwa maso, mpaka kulephera kuwerenga uthenga wa pafoni. Tsiku limene ndikunenali unandigwira m'bandakucha, ndipo bambo a kunyumba anandikweza takisi kuchokera ku Chibavi, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja ka mu June.

Polandirira odwala panali mtsikana amene maso ake sanachoke pafoni yake pamene tinkalowa. Wailesi ya kanema inali pamwamba kwambiri, ndipo magetsi oyera aja a m'denga ankandibaya m'maso moti ndinadziphimba kumutu ndi chitenje. Bambo a kunyumba anamupempha mwaulemu kuti, "Achemwali, chonde tsitsaniko wailesiyo, mayiwa mutu wawavuta kwambiri, ndipo ngati pali chipinda cha mdima tikawagoneke kaye." Iye anayankha mosadzutsa nkhope kuti, "Bambo, mutu umawawa aliyense. Lipirani kaye, kenako mayiwo akhale pabenchi ngati anzawo." Mawu amenewa sanachokebe mumtima mwanga. Makina olipirira ndi khadi anali asakugwira, choncho bambo anathamanga kukatapa ndalama m'tauni n'kundisiya ndekha pabenchipo. Ndinapempha beseni chifukwa ndinkamva kuti ndisanza, koma mtsikana uja anangondilozera kuchimbudzi ndi cholembera chake. Sindinafike. Ndinasanza pakhonde pamaso pa odwala ena, ndipo m'malo mondigwira dzanja, mtsikanayo anaitana wokolopa mokuwa, akudandaula kuti anthu ena amadetsa malo ngati kwawo. Amene anandidzutsa n'kundipukuta kukamwa ndi mayi wina wachikulire amene anabwera ndi mdzukulu wake wodwala. Ndine munthu wamkulu, mayi wa ana, ndipo sindinachitepo manyazi otere pagulu. Munthu wogwira ntchito pakhomo la chipatala ayenera kudziwa kuti mutu suli umodzi. Wina amene wafika atagwira mutu akhoza kukhala ndi matenda oumitsa khosi kapena magazi akutayikira mu ubongo, ndipo mphindi zimene akutaya pabenchi zikhoza kumutengera moyo.

Dokotala woyamba sanandichotse mkwiyo. Anandiyeza malungo, zimene n'zoyenera kwathu kuno, ndipo sanapezeke. BP inali bwino. Atatero anandibaya jakisoni wopha ululu, n'kundilembera Panado ndi Brufen amene ndinali nawo kale m'chikwama, ndipo anati mutu ukapitirira ndikonzekere ndalama ya sikani. Sanandifunse ngakhale mbali imene mutu umawawa. Ndinatuluka nditatsimikiza mtima kuti sindidzapondakonso.

Ndinabwererako chifukwa risiti inali ndi tsiku lokaonedwanso mosalipira, ndipo sindinafune kuti ndalama yanga ipite pachabe. Apa ndi pamene ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ndinakumana ndi dokotala wina, mayi wachikulire wolankhula mofatsa, amene anasintha maganizo anga pa chipatalachi. Atangoona kuti ndikutsinzina, anadzuka yekha, anazimitsa getsi n'kukoka katani, ndipo anatsegula buku langa la kuchipatala kuyambira tsamba loyamba. Anandifunsa kuti mutu umatenga nthawi yaitali bwanji, ngati umakula ndikamayenda kapena kukwera masitepe, ngati umagwirizana ndi masiku a kumwezi, ndiponso ngati kwathu kuli wina amene amadwala chimodzimodzi. Mayi anga ankamanga mpango wothina kumutu n'kudzitsekera m'chipinda tsiku lonse, ndipo nditanena zimenezi anagwedeza mutu, n'kunena kuti matendawa amayenda m'magazi ndipo amagwira akazi kuposa amuna pafupifupi katatu. Anandiunika m'maso ndi katochi, anayesa mphamvu za manja ndi miyendo, ndipo anandiweramitsa khosi.

Kenako anandiuza zimene palibe anandiuzapo m'zaka zonsezi. Mutu waching'alang'ala suoneka m'magazi kapena pa sikani. Umadziwika ndi mbiri ya wodwala: mutu wobwerezabwereza umene umatenga maola 4 mpaka 72 ngati sunalandire mankhwala, wogunda, nthawi zambiri wa mbali imodzi, wobwera ndi nseru kapena kudana ndi kuwala ndi phokoso. Sikani imafunika pakakhala zizindikiro zoopsa, ndipo anazitchula kuti ndizidziwe: mutu wobwera mwadzidzidzi ndi ululu umene sunaumvepo, mutu wa kutentha thupi ndi kuuma khosi, kufooka mbali imodzi ya thupi, kukomoka, kusokonekera polankhula, kapena mutu watsopano mwa munthu wopitirira zaka 50. Anawonjezera kuti mayi woyembekezera, ndiponso munthu amene ali ndi HIV, asamazengereze ndi mutu wachilendo. Ine ndinalibe chilichonse mwa izi, ndipo anandiuza kuti ndisunge ndalama yanga. Sindinayembekezere kumva mawu otere m'chipatala cholipira.

Funso limene linandidzidzimutsa linali la kulera. Nditamufotokozera za timizere tonyezimira tija, anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti, "Mayi, kodi mukugwiritsa ntchito njira yanji?" Ndinali pa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, aja a mahomoni awiri. Anandifotokozera kuti mayi amene mutu wake umayamba ndi zizindikiro za m'maso zoterezi sayenera kumwa mapiritsi okhala ndi oestrogen, imodzi mwa mahomoni a m'mapiritsi angawo, chifukwa mutu woterewu ndi homoniyi zikaphatikizana zimakweza chiopsezo cha sitiroko, makamaka ngati mayiyo amasuta kapena ali ndi BP yokwera. Anandiuza kuti ndiwasiye ndipo ananditumiza kwa anamwino a za kulera tsiku lomwelo kuti ndikasankhe njira ina, monga lupu kapena njira za homoni imodzi. Ndikupempha amayi anzanga amene mukuwerenga kuti mukatchule timizere timeneti kwa amene amakupatsani mapiritsi, ngakhale asanakufunseni. Dokotala woyamba uja anali ndi buku lomwelo m'manja, ndipo mapiritsiwo analembedwamo, koma sanawaone. Pa ichi chokha ndinamva kuti ndalama yanga yabwerera.

Anandiwerengetsanso masiku amene ndimamwa mankhwala opha ululu. Anati munthu akamamwa Panado, Brufen kapena Aspirin masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kwa miyezi yopitirira itatu, mankhwala omwewo amayamba kudzetsa mutu wa tsiku ndi tsiku, ndipo kwa mankhwala osakaniza, monga aja okhala ndi caffeine amene timagula m'magolosale, malire ake ndi masiku 10. Anandilangiza kumwa mankhwala mutu ukangoyamba, osadikira kuti ukule, komanso kulemba m'kope tsiku lililonse limene wandigwira, zimene ndinadya ndi mmene ndinagonera. M'kopemo zaoneka kuti wanga umabwera ndikadumpha chakudya cha masana kuntchito, ndikagona mochedwa, ndiponso masiku a kumwezi akayandikira. Popeza unkabwera pafupipafupi, anandiyambitsa mankhwala oteteza. Anafunsa kaye ngati ndili ndi mphumu, ndipo popeza ndili nayo anasiya propranolol n'kundilembera amitriptyline wochepa mphamvu womwa usiku. Anandichenjezeratu kuti amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, ndipo kuti ndisawaweruze msanga chifukwa amatenga milungu ingapo kuti ntchito yake ioneke.

Zonsezi zachitika monga ananenera. M'mawa woyambirira ndinkadzuka thupi lili lolemera, koma zinachepa. Mutu sunatheretu, ndipo iye sanandilonjeze kuti udzatheratu, koma ukubwera patalipatali ndipo sindikujombanso kuntchito monga kale.

Ku famase ya chipatalachi ndiye kunandibwezeranso mkwiyo pang'ono. Sumatriptan amene dokotala analemba kuti ndizimwa mutu ukakula kwambiri kunalibe, ndipo wogulitsa anafuna kundipatsa mankhwala ena opha ululu m'malo mwake osafunsa amene analemba. Ndinakana. Amitriptyline yemweyo ndinadzamupeza wotchipa m'famase ina m'tauni, choncho tengani pepala la mankhwala muyambe mwafunsa mitengo kwina musanalipire.

Ndinalemba kalata yodandaula za mtsikana wa pakhomo uja n'kuiponya m'bokosi lawo la maganizo, koma palibe amene wandiimbira, ndipo ulendo wotsiriza ndinamupeza pampando womwewo, wailesi ili pamwamba chimodzimodzi. Eni chipatala akufunika kumuphunzitsa, kuika beseni pafupi ndi benchi, ndi kupatula kachipinda kamodzi kopanda phokoso, zinthu zimene sizingawadyere ndalama yambiri. Amene mukufuna kupitako, pitani tsiku limene mutu sunakugwireni kuti muthe kufotokoza bwino, nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, ndipo funsani masiku amene dokotala wachikulire wamayi amakhalapo. Mutu ukakugwirani mwamphamvu, musapiteko nokha, ndipo tengani ndalama m'manja. Kwa dokotala ameneyo ndidzabwereranso ndipo ndatumizako kale mng'ono wanga, koma chipatala chonse sindingachipatse nyenyezi zoposa zitatu mpaka atakonza pakhomo pawo.